Tinawalira a Lamuelo Ali Moyo

Khalani pansi, sendezani mbaulayo pakati, mphepo ya kuno ku Dedza siona kuti ndinu alendo. Mwati munamva zoti Nachisale ankalira pa siteji kuposa mkazi aliyense m'chigawo chino, ndiye mukufuna ndikuphunzitseni chifukwa sewero lanu latsopano lili ndi maliro. Amene anakuuzaniyo sananame, ndinkaliradi. Koma anakuuzani theka. Mumve kaye theka linalo.

Gulu lathu linali la zisudzo la Kamtedza, anthu khumi ndi awiri. Mtsogoleri wathu anali a Chimphonda, mphunzitsi wopuma ntchito amene ankakalipa ngati akadali ndi choko m'manja. Ife sitinkalemba masewero. A Chimphonda ankabwera ndi nkhani m'mutu, n'kuloza kuti iwe ndiwe mkazi, iwe ndiwe mlamu wadyera, yambani, ndipo mawu ankabwera okha tikuyeserera. Mayina a anthu a m'sewero ankaikidwa pomalizira penipeni, nthawi zina kutatsala tsiku limodzi. Poyeserera tinkangoitanana mayina athu enieni kuti tisasokonezeke. Tinachita choncho zaka zisanu ndi zitatu ndipo palibe anaonapo vuto.

Amuna anga, a Lamuelo, anali kalipentala wa gululo. Mipando, zitseko zabodza, mfuti zamatabwa, zonse zinkatuluka m'manja mwawo. Pa siteji ankafunitsitsa kukwerapo, koma anali ndi chibwibwi, moti liwu limodzi linkatha kuwagwira pakhosi mpaka oonerera kuyamba kuseka posayenera kuseka. Ndiye ankangopatsidwa za mlonda woima pakhomo kapena munthu wodutsa ndi khasu. Sankadandaula, koma ine ndinkakhala nawo nyumba imodzi, ndinkadziwa kuti zimawapweteka.

Chaka chimenecho kunabwera mpikisano wa zisudzo wa chigawo chonse, ndipo unkachitikira mu holo yomwe tinkayesereramo. A Chimphonda anabwera ndi nkhani ya kulanda chuma cha masiye: bambo wamwalira, abale ake ayamba kukanganirana katundu mtembo usanatuluke m'nyumba. Mtembowo unkayenera kukhala pa siteji, m'bokosi losavundikira, kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

"A Lamuelo, nthawi yanu yakwana," anatero a Chimphonda. "Sewero lonseli ndi lanu, ndipo simuyankhula liwu ngakhale limodzi."

Tonse tinafa nako kuseka. Iwonso anaseka, koma pobwerera kunyumba ankayenda ngati munthu amene wakwezedwa pantchito. M'mawa mwake anagula matabwa a paini, anagona chagada pansi m'shedi mwawo, n'kundipatsa choko kuti ndilembe mzere kumutu ndi kumapazi kwawo. Ndinalemba ine ndi dzanja langali, uku ndikuwanena kuti atimalizira matabwa ndi kutalika kwawoko.

M'seweromo ine ndinali mkazi wamasiye. Tsiku loyamba kuyeserera ndi bokosi, a Lamuelo analowamo, anapinda manja pachifuwa, n'kutseka maso. Ndinagwada pambali, ndinadzifunditsa chitenje kumutu, ndiye ndinayamba.

"Mayo ine, a Lamuelo! Mwandisiya ndi yani ine! Amuna anga ine, a Lamuelo!"

Sindidziwa kumene kulira kumeneko kunachokera. Nditasiya, holo yonse inali zii. Mayi Naliyela, amene ankasewera ngati apongozi anga, ankapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. A Chimphonda, munthu amene sanayamikirepo wina chibadwire, anangoti, "Chikho cha mpikisano chija tatenga." Ndikuuzeni zoona, ana inu, ndinadzimva. Ndinapita kunyumba ndikuganiza za nkhope za anthu a ku Lilongwe ndi ku Kasungu akadzandimva ine.

Tinkayeserera Lachiwiri ndi Lachisanu masana. Oonerera sankasowa: ana a sukulu pamawindo, zidakwa zothawa mphepo. Koma sabata yachiwiri ndinaona mayi wina kumbuyo kwa holo. Mabenchi analipo ambirimbiri opanda anthu, koma iye anakhala pansi, pasimenti pozizira paja, atatsamira khoma, miyendo atatambasula, chitenje kumutu. Titamaliza ndinayang'ananso, panalibe munthu. Lachisanu anabwera atatu. Sabata yotsatira analipo asanu ndi awiri, ndipo panja, pambali pa chitseko, panakhala azibambo angapo pamiyala, zipewa zili pamaondo.

Sewerolo linali ndi nthabwala zake. Mayi Naliyela akayamba kubisa mapoto a mkazi wamasiye m'chitenje, ngakhale munthu wodwala dzino ankaseka. Anthu a kumbuyo aja sankaseka. Sankapereka moni, sankanong'onezana. Mukandifunsa nkhope zawo sindingakuuzeni, chifukwa nthawi zonse ndikati ndiyang'anitsitse, pankakhala chitenje chophimba kapena mzati wotchinga. Chimene ndinkaona n'chakuti ndikangoyamba kulira, onse ankaweramitsa mitu pamodzi.

Tsiku lina potuluka tinapeza pakhomo pa holo pali mbale ya ufa yovundikira ndi kansalu, pambali pake mtolo wa nkhuni.

"Mwaona? Otikonda ayamba kutipatsa mphatso," anatero a Chimphonda.

"Mphatso yanji ya ufa ndi nkhuni, aphunzitsi?" anafunsa Mayi Naliyela. "Zimenezitu anthu amapita nazo pamaliro."

"Ndiye kuti sewero lagwira mtima, mayi. Musamaope chilichonse."

Anatero, koma iwowo sanakhudze mbaleyo. Tonse tinailambalala, aliyense akuyang'ana kumbali.

A Lamuelo nawo anayamba kusintha. Poyamba tikangoti tamaliza ankadumphamo m'bokosi muja akudandaula msana. Kenako tinkachita kuwagogodera. Sabata yachitatu ndinachita kuwagwedeza ndi manja awiri, ndikuwaitana kangapo, ndipo atatsegula maso anandiyang'ana nthawi yaitali ngati akufuna kukumbukira kuti ndine yani. Manja awo anali ozizira. Ndinadziuza kuti ndi mwezi wa Juni, manja a aliyense ndi ozizira.

"Mumakoma kugona m'menemo, Nachisale," anandiuza panjira. "Ndimamva ngati andizungulira anthu ambiri, onse ondidziwa."

Ndinaima pamsewu. Sikuti ndinadabwa ndi zimene ananenazo zokha. Ananena zonsezo mosakodwa, popanda liwu lowagwira pakhosi, chinthu chimene sindinachimvepo m'zaka khumi ndi zinayi za banja lathu. Iwo anakondwa nazo kwambiri. Ankaima ndi aliyense kumsika kuti angoyankhula, ngakhale ndinaona kuti ena ankawayankha mochedwa, ngati mawuwo akuchokera kutali.

M'mawa wina ndikutuluka ndi tsache ndinapeza masamba aikidwa pamsewu, chakumtunda ndi chakumunsi kwa nyumba yathu, monga timachitira pakhomo pakagwa zovuta. Wakabaza wina anatsika panjinga, anavula chipewa, n'kudutsa akukankha. Posakhalitsa mayi woyandikana nafe anabwera akuthamanga, chitenje akumanga panjira.

"Anzanga, zachitika nthawi yanji? Bwanji osatidzutsa?"

"Zachitika chiyani? Eni ake si awa akumwa tiyi pakhondepa?"

Mayiyo anayang'ana pakhonde. Maso ake anadutsa pamene anakhala a Lamuelo, anafika pakhoma, anabwerera, ndipo ulendo wachiwiri ndi pamene anawaona. Anaseka kuseka kwamanyazi, anapepesa, n'kubwerera kwawo osatembenuka. Ndinakoka masamba aja n'kukawataya kudzala. M'mawa mwake analiponso ena, aawisi.

Kenako katundu anayamba kusowa. Pulena yawo yopalira matabwa inasowa m'shedi, loko ali chikhomere. Patapita masiku awiri jekete lawo lakutchalitchi linasowa pamsomali, kenako nsapato. Ine ndinagubuduza nyumba yonse. Eni ake, munthu amene ankatha kukangana ndi mnzake tsiku lonse chifukwa cha msomali umodzi, anangokhala pampando akundiyang'ana.

"Asiyeni atenge," anatero. "Ndinathana nazo."

Apa ndi pamene mantha anandigwira kwenikweni. Ndinazindikira kuti tikulira maliro a munthu wamoyo, ndi dzina lake lenileni, kawiri pa sabata, ndipo kwina kwake uthenga wafika ndipo aukhulupirira. Amuna anga ankachoka pang'onopang'ono ine ndikuona.

Ndinapita kwa a Chimphonda n'kuwauza kuti mtembowo upatsidwe dzina lake tsiku lomwelo. Ananyinyirika, koma anavomera, n'kuti ukhale Jailosi. Masana amenewo ndinagwada pambali pa bokosi n'kuyamba kuti, "Mayo ine, a Jailosi!" Zinatuluka zouma, ngati ndikuitana wogulitsa makala. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Anthu a kumbuyo aja anadzutsa mitu onse pamodzi n'kundiyang'ana, ndipo mmodzi anayamba kupinda miyendo ngati akufuna kuimirira azipita.

Ulendo wachitatu ndinalira a Lamuelo.

Kwa zaka zambiri ndinkauza anthu kuti lilime linaterereka lokha. Limenelo ndi bodza, ndipo inu ndikuuzani zoona. Ndinaona nkhope ya a Chimphonda itagwa, ndinaona kuti popanda dzina lija ndine mkazi wamba wofuula pa siteji, ndipo ndinabwerera ku dzinalo ndikudziwa chimene ndikuchita. Mitu ija inaweramanso. A Chimphonda anaomba m'manja n'kunena kuti dzina likhale lomwelo mpaka Loweruka, tsiku la mpikisano, oweruza sadziwa kanthu.

Madzulo ake ndinawagwadira amuna anga, chinthu chimene sindinkachita kawirikawiri, pakuti ine pakamwa ndi pamene pankanditsogolera.

"Abambo, tulukanimo m'seweroli. Tiikemo mapilo, tifunditse nsalu, palibe adzadziwe."

"Nachisale, zaka zisanu ndi zitatu ndakhala ndikukhoma mipando yoti anzanga akhalepo, anthu n'kumawaombera m'manja," anandiyankha, mawu ali myaa. "Ulendo uno anthu adzayang'ana ine kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ukufuna undichotse kuti uikepo pilo?"

"Ndikuopa, abambo."

"Loweruka lokhali basi. Likatha, bokosilo ndiliwaza ndekha, uphikire nyemba."

Ndinkadziwa kuti ine amene ndinali kuwaletsa ndine yemwe ndinakana kusiya gawo langa masana omwewo.

Panali mbali imodzi ya sewero imene sitinayeserere ngakhale kamodzi, yomalizira. Ine ndinkayenera kulira komaliza kuti, "Pitani bwino, a Lamuelo," ndipo akamva mawu amenewo, amuna anayi a gulu lathu, a Fanuelo ndi anzawo, ankayenera kutuluka kuseri kwa katani ngati adzukulu, kuvundikira bokosi, kulinyamula, n'kudutsa nalo pakati pa oonerera mpaka panja. A Chimphonda anaibisa mbaliyi kuopa kuti magulu ena angaibe nzeru. Ndiye ndinapangana ndi mtima wanga, osauza munthu, kuti Loweruka mawu amenewo sindiwanena. Popanda mawuwo a Fanuelo satuluka, bokosi silivundikiridwa, ndipo amuna anga sanyamulidwa. Chikho chipite kumene chikupita.

Loweruka kunacha ndi nkhungu, ndipo sinachoke tsiku lonse. Phiri la Dedza silinkaoneka. Pofika 3 koloko masana holo inali itadzaza, magetsi atazima, kuwala kukungolowera m'mawindo a m'mwamba. Oweruza atatu anakhala kutsogolo ndi tebulo lawo. Kumbuyo kunali anthu ambiri okhala pansi, ambiri kuposa masiku onse, mpaka m'mbali mwa makoma.

Sewero linayenda bwino. Anthu anaseka za mapoto a Mayi Naliyela, anatukwana mlamu wadyera. Polira koyamba ndinangoti mayo, mayo, osatchula dzina. A Lamuelo anagona bwino kwambiri, moti mayi wina wa kutsogolo ndinamumva akufunsa mnzake ngati ndi munthu kapena chidole.

Tinafika kumapeto. Ndinagwada, ndinagwira m'mphepete mwa bokosi, n'kutseka pakamwa.

Holo inadikira. Mayi Naliyela anandigunda ndi chigongono. "Lira, iwe," ananong'ona. Ndinakhala chete. A Chimphonda ali pambali pa siteji ankatambasula manja, maso ali psuu. Ndinayang'ana amuna anga n'kunena chamumtima kuti pirirani pang'ono, katani itsekedwa, tizipita kwathu.

Ndiye kumbuyo kuja mayi mmodzi anayamba.

"Pitani bwino, a Lamuelo."

Anali mawu anga, ana inu, mawu oti sindinawanenepo mu holo imeneyo. Anakoka mpweya pamene ine ndimakokera, anagwetsa liwu pamene ine ndimagwetsera. Wina analandira, kenako wina, mpaka kumbuyo konse kunali kulira kumodzi kokhakokha. Oonerera anatembenuka, ena anagwira pakamwa. Woweruza wina anagwedeza mutu movomereza n'kulemba papepala pake, poganiza kuti tinabisa anthu athu m'khamumo.

Amuna anayi anakwera pa siteji. Anali opanda nsapato, mabuluku atapinda, dothi lofiira lili mpaka m'maondo. Sanandiyang'ane. Awiri anatola chivundikiro n'kuchiika.

Ndinadziponya pabokosipo. "Siyani! Ali moyo! Amuna anga ali moyo, siyani!"

Holo inaomba m'manja. Ndinakuwa kuti aphunzitsi thandizeni, si sewero ili, ndipo anthu anaombanso kwambiri, ena akuimba mluzu. Mayi Naliyela, mkazi wanzeru amene anayamba kukayikira tonse tisanayambe, anali atazolowera kuti pa siteji mnzako akabwera ndi zatsopano umamutsatira, sumusiya yekha. Anandigwira m'chiuno monga amagwirira namfedwa, mwamphamvu, akundiuza mokweza kuti, "Limba mtima, mwana wanga, asiye apite." Azimayi ena awiri a gulu lathu anabwera kudzathandiza. Ndinamenya, ndinaluma dzanja la wina, koma anali atatu.

Bokosi linanyamulidwa mopepuka, ngati mulibe kanthu. Linatsika pa siteji, linadutsa pakati pa mabenchi, ndipo anthu a kumbuyo aja anaimirira n'kulitsatira pamzere, azibambo patsogolo, azimayi pambuyo, mpaka onse analowa mu nkhungu ija. Katani inatsekedwa holo yonse itaimirira.

Anandikokera kuseri ndikadali kukuwa. Kumeneko, pabenchi, panakhala a Fanuelo ndi anzawo atatu, nsapato zili kumapazi, mabuluku oyera bwino.

"Mayi, bwanji simunalire?" anafunsa a Fanuelo. "Ife tikudikira inu. Tangomva m'manja basi."

Mayi Naliyela anandisiya pang'onopang'ono. Anakhala pansi pomwepo.

Ndinathamangira panja. Pakhomo pa holo panali mayi wootcha chimanga, atakumbatira mbaula yake. Ndinamufunsa kuti alowera kuti anthu onyamula bokosi. Anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti chiyambireni sewero palibe amene watuluka pakhomopo, iye wakhala akudandaula kuti malonda sakuyenda. Pansi panali ponyowa ndi nkhungu, pofewa, ndipo mapazi amene ndinawaona anali anga okha.

Tinafunafuna milungu itatu. Apolisi anabwera, anafunsa aliyense, analemba, anapita. Tinayenda manda onse ozungulira boma kufuna dothi latsopano, tinakwera phiri, tinalowa m'nkhalango ya paini tikuitana. Oweruza anatipatsa malo oyamba, koma palibe wa gulu lathu anapita kukalandira. A Chimphonda sanapangenso sewero, ndipo tikakumana panjira ankawolokera tsidya lina la msewu. Mayi Naliyela ankabwera kwathu Lamulungu lililonse, n'kukhala pakhonde akuyang'ana manja awo.

Itatha miyezi isanu ndi umodzi, abale a amuna anga anabwera kuchokera ku Linthipe n'kunena kuti munthu sangakhale pakati mpaka kalekale, mwambo uchitike. Ndinakana kawiri, kachitatu ndinatopa. Anadula thunthu la nthochi, analikulunga m'nsalu yoyera, analiika pamphasa m'nyumba mwathu. Azimayi anadzaza m'nyumbamo, anakhala pansi mondizungulira, n'kukhala chete kudikira kuti mwini maliro ayambe.

Ndinkafuna kulira, Mulungu ndi mboni. Ndinagwada, ndinatsegula pakamwa, ndipo ndinadzimva ndikukoka mpweya mwaluso, ndikusankha poyambira liwu kuti lifike kumbuyo, khutu lili tcheru kumva ngati anthu agwidwa mtima. Ndinafufuza m'kati mwanga kulira kwina, kwanga ndekha, koti sindinakuonetsepo anthu, ndipo sindinakupeze. Konse ndinali nditakuthera pa siteji, mwini wake ali gone pambali panga akupuma.

Ndinatseka pakamwa. Azimayi anadikira, anayang'anizana, kenako mlamu wanga anayamba yekha. Mpaka lero ku Linthipe amati Nachisale ndi mkazi wouma mtima, analira pa sewero anthu n'kumuombera m'manja, koma pamaliro a mwamuna wake sanagwetse msozi. Sindinawatsutsepo.